Matayala a M'chisanu: Mbiri ya Labala, Misomali ndi Galimoto Zaliwiro

Chaka ndi chaka, mwezi wa October ukamapita kumapeto, magalaja a ku Finland, Sweden, Canada ndi kumpoto kwa Japan amadzaza ndi anthu odzasinthitsa matayala. Amamasula onse anayi amene ayendera m'miyezi yotentha, n'kumanga ena opangidwira chipale chofewa ndi madzi oundana. Kwa mwini galimoto wamba imeneyi ndi ntchito yachizolowezi, yongofuna ndalama ndi kudikira pamzere. Koma kwa mwini galimoto yaliwiro, monga Porsche 911 kapena Chevrolet Corvette, nkhaniyi imavuta, chifukwa galimoto yake inapangidwa mosemphana ndi zonse zimene chisanu chimafuna: ndi yotsika, matayala ake ndi otambalala, ndipo injini yake imatumiza mphamvu zochuluka ku mawilo amene pa ayezi alibe pogwira. Anthu otere kawirikawiri amayamba ndi funso lakuti, kodi tayala loyenera galimoto yangayi ndi liti? Ine ndikuona kuti funsoli limayambira polakwika. Mbiri ya matayala a m'chisanu, yomwe tsopano yapitirira zaka 90, ikusonyeza kuti palibe tayala limene linapangidwapo kuti lithane ndi chisanu cha mtundu uliwonse. Lililonse linabwera poyankha msewu wina wake, m'dziko lina lake, pa nthawi ina yake, ndipo msewuwo utasintha tayalalo linasiyidwa. Wofuna kusankha bwino ayambe wadziwa msewu umene adzayendemo m'mawa uliwonse wa January, za galimoto zibwere pambuyo.

Chimene tayala likulimbana nacho si chinthu chimodzi. Chipale chongogwa kumene tayala limamiramo, ndipo chimene chimaliyendetsa ndi mano ake ozama amene amakumba ndi kukankha. Chipale chikapondedwapondedwa chimalimba, ndipo pamenepa tayala limagwira bwino ngalande zake zikadzaza ndi chipale chomwecho, chifukwa chipale chimamatirira chinzake kuposa mmene chimamatirira labala. Ayezi ndi nkhani inanso. Saterera kwambiri kukazizira koopsa, amaterera kwambiri pamene kuzizira kuli pafupi ndi digiri 0, chifukwa pamwamba pake pamakhala timadzi tochepa tolekanitsa labala ndi ayeziyo. Buku la malamulo a pamsewu la ku Britain limachenjeza kuti pa ayezi galimoto ikhoza kufuna mtunda wochuluka kakhumi kuti iime, poyerekeza ndi pamsewu wouma. Ndiye palinso chipale chosungunuka chosakanikirana ndi mchere, chimene chimanyamula tayala n'kulichotsa pansi, komanso msewu wa phula wouma bwinobwino koma wozizira kwambiri. Zonsezi dalaivala akhoza kukumana nazo paulendo umodzi wopita kuntchito, ndipo chimene chimamulumikiza ndi nthaka ndi tizigawo tinayi ta labala, kalikonse kukula kwake ngati chikhatho cha munthu wamkulu.

Yankho loyamba silinali tayala, anali matcheni. Mu 1904 Harry D. Weed wa ku Canastota, m'chigawo cha New York, analembetsa kuboma luso lake lokulunga matcheni pa tayala, ndipo mpaka lero m'mapiri a Alps muli misewu imene munthu saloledwa kudutsa popanda matcheni chipale chikachuluka. Koma matcheni amafuna kuti munthu atsike, agwade m'chipale, awamange ndi zala zouma ndi chisanu, kenako ayende pang'onopang'ono, ndipo akafika pa phula atsikenso kukawamasula. Amene anayamba kuganiza zoti tayala lenilenilo lizigwira ntchitoyi ndi anthu a ku Finland. Kampani ya Suomen Gummitehdas, yomwe inakhazikitsidwa mu 1898 ndipo inkadziwika ndi nsapato za labala, inali ndi fakitale m'tauni ya Nokia pafupi ndi Tampere, tauni yomwe inadzapereka dzina ku mafoni amene tonse tikuwadziwa. Inayamba kupanga matayala a galimoto mu 1932, ndipo mu 1934 inatulutsa tayala lotchedwa Kelirengas, la malole. N'zosadabwitsa kuti linali la malole, pakuti m'nyengo yachisanu galimoto zazing'ono zambiri zinkangoimikidwa m'nyumba mpaka kutafunda, pamene malole onyamula katundu sankachitira mwina koma kuyenda m'misewu yakumidzi yomwe kawirikawiri sinkapalidwa. Kelirengas inali ndi ngalande zozama zopingasa, zokumba chipale ndi kuchitaya tayala likamazungulira. Mu 1936 kampaniyi inatulutsa tayala la galimoto zazing'ono lotchedwa Hakkapeliitta, dzina la asilikali a pa akavalo a ku Finland a m'zaka za m'ma 1600, ndipo dzinali likadalipo pa matayala mpaka lero. Ku Germany kampani ya Continental inatulutsa tayala lake la M+S mu 1952, zilembo zoimira matope ndi chipale. Kuphatikiza zinthu ziwirizi pa tayala limodzi kukutiuza mmene opanga matayala a nthawiyo ankaonera vutoli: kwa iwo chisanu chinali nthaka yofewa yofunika kuikumba, basi.

Kenako msewu unasintha, ndipo anausintha ndi anthu. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, galimoto zinachuluka, maboma anayamba kupala chipale m'misewu ikuluikulu, ndipo anthu analeka kuimika galimoto zawo miyezi isanu. Msewu wopalidwa ndi wopondedwa ndi galimoto zikwizikwi sukhalanso ndi chipale chakuya. Umasanduka ayezi wosalala, ndipo pa ayezi mano akuluakulu aja alibe choluma. Apa ndi pamene panabwera misomali. Tinali tizitsulo tating'ono tokhala ndi nsonga ya chitsulo cholimba kwambiri cha tungsten carbide, tokhomedwa m'mano a tayala n'kutulukira kunja pang'ono chabe, kupitirira pang'ono milimita imodzi. Ku Finland tayala la Kometa-Hakkapeliitta linatuluka mu 1961, ndipo m'zaka khumi zotsatira matayala a misomali anafalikira ku Scandinavia, Germany, North America ndi Japan. Pa ayezi weniweni panalibe chowaposa, ndipo ngakhale lero pa ayezi wonyowa wa pafupi ndi digiri 0 tayala labwino la misomali limaima msanga kuposa lopanda misomali. Zikanakhala kuti funso linali la ayezi yekha, mbiriyi ikanathera pomwepa.

Koma galimoto siyenda pa ayezi nthawi zonse, ndipo msomali umene ukuluma ayezi m'mawa ndi womwewo umene ukukanda phula masana. M'maiko amene chisanu chake n'chosakhalitsa, kumene misewu imathiridwa mchere n'kukhala yakuda pafupifupi nyengo yonse, misomali inakumba tinjira tiwiri m'msewu uliwonse, inafufuta mizere yoyera, ndipo ndalama zokonzera zinakwera. West Germany, dziko la misewu ya autobahn, inaletsa matayala a misomali mu 1975. Ku Japan nkhaniyi inafika poipa kwambiri. M'zaka za m'ma 1980 mzinda wa Sendai unkakutidwa ndi fumbi nyengo yachisanu ikamatha, mpaka anthu anayamba kuutcha chipululu. Anthu oyenda pansi ankavala zophimba kumaso, ndipo kafukufuku anatsimikizira kuti fumbilo linali phula lopekesedwa ndi misomali. Ku Sapporo zinali chimodzimodzi. Mu 1990 nyumba ya malamulo ya Japan inakhazikitsa lamulo loletsa matayalawa m'madera osankhidwa, ndipo makampani akuluakulu analeka kuwapanga. Apa pali chinthu chimene anthu okonda galimoto sachiganizira kawirikawiri: tayala limene munthu akugula lero silinaumbidwe ndi mainjiniya okha, linaumbidwanso ndi madandaulo a anthu oyenda pansi amene ankapuma fumbilo, ndiponso ndi okhometsa misonkho amene ankalipira phula latsopano. Ndikuona kuti anthu amenewa ankanena zoona, ndipo kuti ufulu wa dalaivala woima msanga sungagulidwe ndi mapapo a munthu amene alibe n'komwe galimoto.

Misomali itachoka, ntchito yonse inagwera labala. Mu 1988 kampani ya Bridgestone inali itatulutsa kale tayala la Blizzak, lopangidwa ndi labala wokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso, timene timachotsa timadzi ta pamwamba pa ayezi kuti labala akhudze pouma. Opanga matayala anachulukitsanso timing'alu topyapyala todula mano a tayala, luso limene John F. Sipe analembetsa kalekale mu 1923, moti tayala la m'chisanu la masiku ano limakhala ndi timing'alu tambirimbiri, kalikonse kokhala ndi m'mphepete moluma. Munthu akakankha dzino la tayala lotere ndi chala chachikulu, limapindika n'kutseguka ngati masamba a buku, ngakhale kunja kukuzizira madigiri 20 pansi pa 0, pamene dzino la tayala la m'nyengo yotentha pa kuzizira komweko silisuntha n'komwe. Mu 1992 Michelin inayamba kugwiritsa ntchito kwambiri silica posakaniza labala, ndipo lusoli linathandiza kuti labala azikhala wofewa pozizira komanso azigwira pamsewu wonyowa. Wina angatsutse kuti kuletsa misomali kunali ndi mtengo wake, ndipo akunena zoona. Ku Sapporo, misomali itatha, misewu ya m'mphambano inayamba kusalala moopsa, chifukwa panalibenso misomali yokanda ayezi kuti galimoto zobwera pambuyo zipeze pogwira, ndipo ngozi zoterereka zinachuluka. N'chifukwa chake maiko a kumpoto kwa Ulaya sanatsatire Japan. Anasankha kuchepetsa m'malo moletseratu: Oslo inayamba kulipiritsa oyendera misomali mu 1999, Stockholm inailetsa mumsewu wa Hornsgatan mu 2010, koma kumidzi ya ku Finland ndi kumpoto kwa Sweden misomali ikadali paliponse. Maiko onsewa anayang'ana tayala limodzimodzi n'kugamula mosiyana, chifukwa misewu yawo ndi yosiyana.

Pamene zonsezi zinkachitika, galimoto yaliwiro inkalowera kwina. Porsche 911 yoyamba, ya mu 1964, inkayendera matayala a mamilimita 165 m'lifupi, ang'ono kuposa a galimoto zambiri wamba za lero. M'zaka za m'ma 1970 Pirelli inabweretsa tayala la P7, lotambalala ndi lalifupi m'mbali, ndipo pofika 1978 Lamborghini Countach inali ndi matayala akumbuyo a mamilimita 345. Lero 911 Carrera S imatuluka m'fakitale ndi matayala akumbuyo a mamilimita 305. Labala wa matayala amenewa anapangidwa kuti azigwira akatentha, ngalande zake ndi zochepa, timing'alu tija palibe. Pa phula lofunda palibe tayala la m'chisanu lingawayandikire. Koma kukazizira labala ameneyu amauma, ndipo opanga ena amachenjeza kuti matayala awo aliwiro kwambiri akhoza kung'aluka akayendetsedwa pozizira koopsa. Pa chipale, galimoto yodula kwambiri mumzinda ikhoza kulephera kutuluka pageti pomwe kagalimoto kakale kovala matayala oyenera kakudutsa. Choncho kusiyana pakati pa tayala limene galimoto yaliwiro imabwera nalo ndi tayala limene chisanu chimafuna n'kwakukulu lero kuposa mmene kunalili mu 1964, ndipo ndi chitukuko chenichenicho chimene chinakukulitsa.

Kusiyana kwa misewu ya maiko kuja kunabala mabanja awiri a matayala a m'chisanu opanda misomali, ndipo kusankha kwenikweni kwa mwini galimoto yaliwiro kuli pakati pa awiriwa. Banja loyamba ndi la kumpoto, la Finland, Sweden, Canada ndi Japan, monga Nokian Hakkapeliitta R, Continental VikingContact ndi Michelin X-Ice. Labala wake ndi wofewa kwambiri, ndipo pa ayezi ndi chipale cholimba amagwira modabwitsa. Koma pa phula louma chiwongolero chimamveka chaulesi, galimoto imachedwa kuyankha pokhota, mabuleki amafuna mtunda wotalikirapo, ndipo ambiri mwa matayalawa malire a liwiro lawo ndi makilomita 160 mpaka 190 pa ola. Banja lachiwiri linabadwa chifukwa cha autobahn, kumene anthu amafuna kuthamanga ngakhale mu January pamsewu wonyowa ndi wamchere. Pirelli Sottozero ndi Michelin Pilot Alpin ali m'gulu limeneli, ndipo ena amalembedwa chilembo V kapena W, kutanthauza makilomita 240 kapena 270 pa ola. Amasunga khalidwe la galimoto, amachita bwino pamvula yozizira ndi pa chipale chosungunuka, koma pa ayezi weniweni amatsalira kutali ndi anzawo a kumpoto. Mwini galimoto yaliwiro mtima wake umathamangira ku banja lachiwirili, chifukwa likufanana ndi galimoto yake ndipo silimulanda chimene anagulira galimotoyo. Ngati amakhala ku Munich kapena ku Milan, wasankha bwino. Ngati amakhala ku Rovaniemi kapena ku Winnipeg, kumene msewu wa pakhomo pake umakhala woyera miyezi ingapo, wasankha potsata galimoto m'malo motsata msewu, ndipo adzazindikira zimenezi pamphambano yoyamba.

Umboni wamphamvu wa mfundoyi ukuchokera kwa anthu amene amayendetsa galimoto zaliwiro m'chisanu ngati ntchito yawo. Mpikisano wa Monte Carlo, umene unayamba mu 1911 ndipo umachitika mu January m'mapiri a kumwera kwa France, umadziwika ndi vuto losankha matayala kuposa china chilichonse. Chigawo chimodzi cha mpikisanowu chikhoza kuyambira m'chigwa pa phula louma, kukwera mpaka pa Col de Turini, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pomwe pali chipale, n'kutsikira mbali ina kumene ayezi wabisala m'makona opanda dzuwa. Magulu opikisana amatumiza anthu odziwa bwino kuti adutse njirayo mpikisano usanayambe, azilemba pamene pali ayezi, ndipo dalaivala amasankha matayala malinga ndi zimene amva. Nthawi zina amamanga awiri a misomali ndi awiri a pa phula mopingasa, podziwa kuti paliponse galimotoyo sikhala bwino kwenikweni koma paliponse iyendako. Mu 1965, m'chipale choopsa chimene chinagwetsa opikisana ambiri, Timo Mäkinen wa ku Finland anapambana ndi kagalimoto ka Mini Cooper S, ndipo Porsche 904, galimoto yamjaha yeniyeni, inabwera pambuyo pake. Ku mpikisano wa ku Sweden, kumene njira yonse ndi ayezi ndi chipale, funso lotere kulibe: onse amavala matayala a misomali 384 lililonse, yaitali kuposa yololedwa pamsewu wamba, ndipo amathamanga liwiro limene pa dothi sangalipose kwenikweni. Madalaivala ndi omwewo, galimoto ndi zomwezo, patangopita milungu yochepa, koma kusankha kwawo n'kosiyana kotheratu.

Chotsutsa chimene chimamveka kwambiri n'chakuti galimoto yokoka ndi mawilo onse anayi sifuna zonsezi. Maganizo amenewa ali ndi mbiri yawo. Mainjiniya a Audi, poyesa galimoto m'chisanu cha kumpoto kwa Ulaya m'zaka za m'ma 1970, anaona kuti galimoto ya asilikali ya Volkswagen Iltis, yochepa mphamvu koma yokoka ndi mawilo onse, inkasiya kumbuyo galimoto zamphamvu. Kuchokera pamenepo panabadwa Audi quattro, yomwe inaonetsedwa ku Geneva mu 1980, ndipo mu 1981 Hannu Mikkola anapambana nayo mpikisano wa ku Sweden. Palibe angakane kuti kukoka ndi mawilo anayi kumathandiza ponyamuka ndi pokwera chitunda. Koma galimoto iliyonse, kuyambira kalekale, imagwira mabuleki ndi mawilo anayi, ndipo poima yokoka ndi anayi ilibe chilichonse choposa inzake. Kulemera kwa zitsulo zake zowonjezera kumangowonjezera katundu wofunika kuimitsa. Choopsa n'chakuti imabisa kuterera kwa msewu. Dalaivala wa galimoto yokoka kumbuyo amachenjezedwa pageti pomwe, mawilo akayamba kuzungulira pamalo amodzi, pamene mnzake amanyamuka bwinobwino n'kukadziwira pakona kuti pansi palibe pogwira. Ngakhale kanema wotchuka wotsatsa malonda wa mu 1986, woonetsa Audi 100 quattro ikukwera chitunda chodumphira anthu a masewera a pa chipale ku Kaipola, ku Finland, anajambulidwa galimotoyo itavala matayala a misomali. Za mabuleki a ABS, amene anayamba kufala mu 1978, ndi makina oteteza galimoto kuti isazungulire, amene anabwera mu 1995, yankho ndi lomweli. Makinawa amagawa mwanzeru kugwira kumene kulipo, koma sangapange kugwira kumene labala sanapereke.

Chotsutsa china ndi cholemera kuposa chimenechi, ndipo chiyenera kumvedwa mofatsa. Ogulitsa matayala amakonda kunena kuti kuzizira kukangotsika pansi pa madigiri 7, tayala la m'chisanu limaposa la m'nyengo yotentha pa msewu uliwonse. Anthu okayikira amati imeneyi ndi njira yogulitsira matayala kawiri, ndipo mayeso a magazini a galimoto ku Germany asonyezapo kuti pa phula louma, ngakhale kukuzizira pang'ono kuposa pamenepo, tayala labwino la m'nyengo yotentha limaimabe msanga. Ndikuvomereza kuti nambala 7 si malire enieni a chilengedwe, ndi chikumbutso chabe chosavuta kuloweza. Koma kuvomereza zimenezi sikugwetsa mfundo yanga, kukuilimbitsa. Tayala la m'chisanu limataya pang'ono pa phula louma kuti lipindule kwambiri pa chipale ndi ayezi, pomwe kusiyana kwake sikukhala kwa masitepe ochepa koma kwa kuima kapena kusaima. Munthu wa kumwera kwa England, kumene chipale chimagwa masiku owerengeka ndipo Britain ilibe lamulo lokakamiza matayala a m'chisanu, akhoza kuwerengera n'kuona kuti ndi bwino kungoimika galimoto yake yaliwiro masiku amenewo. Kumeneko ndi kusankha kwanzeru, ndipo ndi kumene anthu a ku Finland ankachita 1936 isanafike. Chosayenera n'kuyendetsa galimotoyo tsiku la chipale uli ndi matayala a dzuwa n'kumadalira luso la manja ako, pakuti pamsewupo pali anthu enanso.

Nanga matayala amene amati ndi a nyengo zonse? Kwa zaka zambiri zilembo za M+S zinkadindidwa pa tayala popanda mayeso alionse a pa chipale, moti ambiri mwa matayala otere sankasiyana kwenikweni ndi wamba. N'chifukwa chake mu 1999 mabungwe a opanga matayala a ku United States ndi Canada anagwirizana za chizindikiro chatsopano, cha phiri la nsonga zitatu lokhala ndi kachipale mkati, chimene chimaperekedwa tayala likapambana mayeso a pa chipale. Quebec inakakamiza matayala a m'chisanu kuyambira mu 2008, Germany inalemba lamulo lake momveka mu 2010, ndipo kuyambira October 2024 ku Germany zilembo za M+S zokha sizikwaniranso. Matayala ena atsopano a nyengo zonse, monga Michelin CrossClimate imene inatuluka mu 2015, ali nacho chizindikirochi, ndipo kumadera a chisanu chofatsa amakwanira pa galimoto wamba. Koma chizindikiro cha phirichi chimayeza chipale, sichinena kanthu za ayezi, n'chifukwa chake mu 2021 maiko a European Union anawonjezera china cha ayezi pa zikalata zomata pa matayala. Kwa mwini galimoto yaliwiro, tayala la nyengo zonse limamulanda mbali zonse ziwiri: mu July sapeza kugwira kumene analipira ndalama zambiri kuti akhale nako, mu January sapeza kugwira kwa tayala la kumpoto. Finland, yomwe inayamba kukakamiza matayala a m'chisanu mu 1978 potsata kalendala, mu 2020 inasintha lamulo lake kuti kuyambira November mpaka March azivalidwa pamene nyengo ndi msewu zikufuna, ndipo potero inabwezera udindo woyang'ana msewu m'manja mwa dalaivala.

Pa nkhani ya kukula kwa tayala, nzeru yakale ya m'mipikisano inali yakuti lopyapyala ndilo labwino, chifukwa limadula chipale n'kukafika polimba m'malo moyandama pamwamba, ndipo kwa zaka zambiri galimoto za mpikisano wa ku Sweden zinkaoneka zachilendo ndi timatayala tawo toonda. Nzeruyi ikadali yoona pa chipale chakuya ndi chosungunuka, ngakhale pa chipale cholimba ndi pa phula kusiyanako n'kochepa ndi labala wa masiku ano. Opanga galimoto zaliwiro ambiri amalangiza matayala a m'chisanu ochepako m'lifupi, pa malimu ang'onoko ngati mabuleki akuluakulu a galimotoyo alola. Chosafunika kukambirana n'chakuti akhale anayi ofanana. Zosakaniza zija za ku Monte Carlo zimachitika pamsewu wotsekedwa, ndi akatswiri. Pamsewu wamba, kuika a m'chisanu kumbuyo kokha kumapangitsa galimoto kunyamuka koma osakhota, ndipo kuwaika kutsogolo kokha kumaizunguza pakona. Mano akatha ntchito yathanso, ngakhale chizindikiro cha phiri chikuonekabe m'mbali: Finland ndi Sweden amafuna mamilimita 3, Austria imafuna 4. Ndipo pali malire amene tayala lililonse silingachotse. Galimoto imene mimba yake ili pafupi kwambiri ndi nthaka imakhala pamwamba pa chipale chakuya, mawilo n'kumangozungulira m'malere.

Mbiriyi imatikhudza ndi ife ngakhale kuno chipale sichigwa m'misewu. Galimoto zambiri zakale zimene timaitanitsa kuchokera ku Japan, kudzera pa Dar es Salaam kapena Durban, zimafika zitavala matayala omwe aja amene anabadwa chifukwa cha fumbi la ku Sendai, makamaka zochokera kumpoto kwa dzikolo, ndipo ena amapezeka m'milu ya matayala a kaunjika. Amakopa maso chifukwa mano ake ndi ozama ndipo amaoneka ngati atsopano. Koma labala amene anapangidwa kuti akhale wofewa ku Sapporo mu January, pa phula la ku Chikwawa kapena ku Salima mu October amafewa mopitirira, amatha msanga, amagwedera pokhota, ndipo amachedwetsa galimoto kuima, pouma ndi pamvula pomwe. Kuwazindikira sikuvuta: m'mbali mwake mumalembedwa mawu akuti studless kapena muli kachithunzi ka phiri la nsonga zitatu, ndipo mano ake ndi odulidwadulidwa ndi timing'alu tokhotakhota. Pafupi pomwepo pamakhala manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene tayalalo linapangidwa, ndipo wogula aziwawerenga asanapereke ndalama.